Munthu akagwera m'nyanja kuchokera pa sitima yoyendera alendo, abale ake ayambire pati?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga, ndipo pepani kwambiri ndi zimene zagwera banja lanu. Mwandiuza kuti achimwene anu, amene akhala ku America kwa zaka zambiri, anakwera sitima yoyendera alendo kuchokera ku Miami kupita ku zilumba za Caribbean, ndipo usiku wina, sabata ziwiri zapitazo, anasowa. Alamu anu anadzuka m'mawa osawapeza m'chipinda. A kampani akuti kamera ikuonetsa munthu akugwera m'madzi cha m'ma 2 koloko usiku, akuti anali atamwa, ndipo thupi silinapezeke. Mukufunsa kuti munthu wamkulu angagwe bwanji pa sitima yotere, ngati mungasumire kampaniyo kuno kumudzi, komanso kuti mayi anu okalamba, amene ankadalira ndalama zochokera kwa mwana wawoyu mwezi ndi mwezi, atsala pati.

Ndiyamba ndi chimene sichingadikire. Sabata ino alamu anu apeze loya wodziwa malamulo a zapanyanja, amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito ku Florida, chigawo chimene kuli mzinda wa Miami, ndipo loyayo alembere kampaniyo kalata yoiletsa kufufuta kapena kutaya umboni uliwonse. Lamulo la ku America limauza eni sitima kusunga zithunzi za makamera kwa masiku osachepera 20, ndipo 14 apita kale. Kachigawo koonetsa kugwako kampani ikasunga ndithu, chifukwa kakuithandiza. Inu mukufuna maola a m'mbuyo mwake: anali pa bala iti, anali ndi ndani, ankayenda bwanji, wantchito amene anawaona anachitapo chiyani. Kalatayo itchule zinthu chimodzichimodzi. Pa sitima izi munthu sagula ndi ndalama m'manja, amagwiritsa ntchito khadi yomweyo yotsegulira chipinda, choncho chakumwa chilichonse chimene anagula chinalembedwa ndi nthawi yake, ndiponso nthawi iliyonse imene khadiyo inatsegula chitseko. Palinso buku la zochitika pa ulendo, makina osunga mawu ndi kayendedwe ka sitima otchedwa VDR, mayina a amene anali pa ntchito usikuwo, ndi nthawi yeniyeni imene anadziwitsa a Coast Guard, asilikali a ku America olondera ndi kupulumutsa anthu panyanja. Kampani ikataya zinthuzi italandira kale kalata yotere, khoti likhoza kuilanga. Alamu anunso alembe lero zonse zimene akukumbukira, pamodzi ndi mayina ndi manambala a anthu amene anali m'zipinda zoyandikana.

Tsopano funso lanu loyamba. Ndikuuzani mosabisa, chifukwa maloya a kampani sadzakubisiraninso. Munthu sangoterereka n'kupezeka ali m'madzi. Lamulo la Cruise Vessel Security and Safety Act, limene Pulezidenti Barack Obama anasainira mu 2010, limati zitsulo zotchinga m'mbali mwa sitima zisachepere mainchesi 42, omwe ndi masentimita pafupifupi 107. Kwa munthu wamtali bwinobwino zimafika kumtunda kwa chiuno. Nthawi zambiri amene amagwa amakhala atakwera pa zitsulozo, atakhalapo kuti ajambulitse, akufuna kuwolokera pa khonde la chipinda china, kapena ataledzera kwambiri n'kuweramira kunja kuti asanze. Ena amalumpha mwadala chifukwa cha mavuto a mumtima. Owerengeka amachita kukankhidwa. Bungwe la makampani a sitimazi, la CLIA, linawerengera anthu 212 amene anagwera m'madzi pakati pa 2009 ndi 2019, ndipo amene anapulumutsidwa ndi 48 okha. Musaganize za Ilala apa. Sitimazi ndi zazitali kuposa nyumba yosanja kakhumi, moti kumenyetseka pamadzi kokhako kumathyola nthiti kapena kukomola munthu.

Sindikunena izi kuti ndiloze chala achimwene anu. Mawu akuti "anali atamwa" a kampani amafulumira nawo chifukwa amafooketsa banja, koma pa lamulo sathetsa nkhani. Khoti lalikulu la ku America linagamula mu 1959, pa mlandu wa Kermarec, kuti mwini sitima ayenera kusamalira anthu amene ali m'sitima mwake moyenerera mmene zinthu zilili. Mu 2004, pa mlandu wa Hall ndi kampani ya Royal Caribbean, khoti la apilo ku Florida linavomereza kuti udindo umenewu ukukhudzanso kupitiriza kuthirira mowa munthu amene akuoneka kale kuti waledzera. Makampaniwa amagulitsa mowa wa mtengo umodzi wolipiriratu kuti munthu amwe tsiku lonse, ndipo amapezapo phindu lalikulu. Amene akugulitsa mowa chotero pakati pa nyanja sangasambe m'manja kasitomala akavulala. Ngakhale khoti litapeza kuti achimwene anu analakwitsa mbali ina, mlandu sugwa. Limangochepetsa chipukuta misozi molingana ndi kukula kwa kulakwa kwawo.

Mbali imene ine ndingailimbikire kwambiri ndi ya nthawi. Kamera inawaona cha m'ma 2 koloko, koma palibe amene anadziwa mpaka m'mawa. Chifukwa chiyani? Lamulo la 2010 lija limati sitima ikhale ndi makina ojambula kapena ozindikira munthu akagwa, pamene makina oterowo alipo. Mawu otsirizawa ndi amene akhala pobisalira. Sitima zambiri zili ndi makamera ongojambula, amene amakawaonera munthu atasowa kale, pamene makina oliza belu nthawi yomweyo alipo ndipo bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO linatulutsa muyezo wake mu 2020. Sitima yotere imathamanga pafupifupi makilomita 37 pa ola. Pakadutsa maola asanu yasiya munthu mtunda woposa makilomita 180, ndipo mafunde amutengera kwina. Kukadziwika msanga, ogwira ntchito amaponya zoyandamitsa, amalemba malo, kaputeni amakhotetsa sitima kubwerera m'njira imene anadzera, ndipo amatsitsa boti. Anthu amapulumuka. Mu 2018 mayi wina wa ku Britain anagwa pa sitima ya Norwegian Star ndipo anamuvuula ali moyo patatha maola pafupifupi 10 kufupi ndi Croatia. Mu November 2022 bambo wina amene anagwa pa sitima ya Carnival Valor anapezedwa ndi a Coast Guard atakhala m'madzi maola oposa 15. Komabe dziwani kuti sikokwanira kuonetsa kuti anachedwa. Muyeneranso kuonetsa kuti akanafulumira munthuyo akanapulumuka, ndipo pamenepa pamafunika akatswiri a zapanyanja ndi madokotala odzachitira umboni.

Lamulo la 2010 lija silinabwere lokha. Mu 2004 mwana wamkazi wa Kendall Carver anasowa pa sitima ya Mercury pa ulendo wa ku Alaska, kampani osauza banja lake, mpaka bamboyo anachita kulemba ntchito ofufuza apadera. Mu 2006 iye ndi mabanja ena anayambitsa bungwe la International Cruise Victims, limene linalimbana mpaka lamulo linadutsa. Alamu anu angachite bwino kulumikizana nalo.

Nanga amafufuza ndani? Pakati pa nyanja, kutali ndi gombe la dziko lililonse, sitima imakhala pansi pa malamulo a dziko limene mbendera yake ikuuluka pa iyo. Sitima zambiri zonyamuka ku Miami zinalembetsedwa ku Bahamas kapena ku Panama, ndipo maikowa alibe apolisi okwanira kutsata zombo zonse zimene analembetsa. Mu 2011 wantchito wina wa ku Britain atasowa pa sitima ya Disney Wonder, dziko la Bahamas linatumiza wapolisi mmodzi. A FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, amalowererapo makamaka pamene wosowayo, kapena woganiziridwa kuti wapalamula, ndi nzika ya America. Choncho funsani alamu anu ngati achimwene anu anatenga unzika. Green card, chilolezo chokhala ku America, si unzika. Ngati anali adakali ndi pasipoti ya Malawi yokha, lemberani ofesi ya kazembe wathu ku Washington ndi unduna woona za maubale ndi maiko ena ku Lilongwe, kuwapempha kuti afunse lipoti la kafukufuku ku dziko la mbenderalo. Kalata yochokera ku boma imayankhidwa msanga kuposa ya banja.

Za kusuma kuno kumudzi, yankho ndi lakuti ayi. Tikiti ya ulendowo ndi pangano, ngakhale munthu anangodina batani pa intaneti osawerenga. M'kati mwake muli ndime yonena khoti limene mlandu uyenera kupita, ndipo makampani akuluakulu a ku Miami amatchula khoti la boma la America la mumzinda womwewo. Khoti lalikulu la ku America linavomereza ndime zoterezi mu 1991 pa mlandu wa Carnival Cruise Lines ndi banja la a Shute. Ndime ina ndi ya nthawi. Mwachizolowezi milandu ya imfa kapena kuvulala panyanja imakhala ndi zaka zitatu, koma lamulo limalola kampani kufupikitsa kudzera mu tikiti: miyezi 6 yoti muidziwitse mwa kalata kuti mukufuna chipukuta misozi, ndi chaka chimodzi choti mukhale mutasuma. Pa nkhani ya imfa, nthawi yodziwitsayo imatha kuima kufikira atasankhidwa woimira chuma cha masiye, koma musatsamire pamenepo. Werengani kuyambira usiku umene anagwa. Mabanja ambiri amatha chaka akulira ndi kudikira thupi, n'kudzapeza kuti khomo la khoti latsekeka.

Pali lamulo lina limene limandiwawa mtima nthawi zonse ndikamalifotokoza. Imfa ikachitika kupitirira mamailosi atatu apanyanja kuchokera ku gombe la America, amagwiritsa ntchito Death on the High Seas Act, lamulo la mu 1920. Limalola chipukuta misozi cha ndalama zimene abale ataya basi. Chisoni cha mkazi wamasiye sachiwerengera. Mantha ndi ululu wa munthu amene ankamira sauwerengera. Ndiye kuti mwana wamng'ono kapena munthu wopuma pa ntchito akafa chotero, banja limalandira zochepa kwambiri. Mu 2000 aphungu a ku America anasintha lamuloli kuti mabanja a anthu ofa pa ngozi za ndege zamalonda azilandira zoonjezera, koma okwera sitima anawasiya momwemo mpaka lero. Si chilungamo, koma ndi lamulo limene muyenda nalo.

Kwa banja lanu, lamulo lomweli lili ndi potulukira. Amene angapindule ndi mkazi kapena mwamuna, ana, makolo, ndi wachibale amene ankadalira malemuyo. Mayi anu ali m'gulu limeneli ngakhale akukhala ku Malawi, ndipo ndalama zimene ankalandira mwezi ndi mwezi ndizo ndendende zimene khoti limawerengera. Inuyo monga mlongo mungalowemo pokhapokha mutaonetsa kuti mumawadalira. Mlandu susumidwa ndi aliyense payekha. Amasuma munthu mmodzi, woimira chuma cha masiye wosankhidwa ndi khoti la m'chigawo chimene achimwene anu ankakhala, ndipo kawirikawiri amakhala mkazi wawo. Amasumira onse. Chonde, musalole kuti kukayikirana kulowe pakati pa akuchimuna ndi alamu anu pa nthawi ino, chifukwa gawo la mayi anu lidzera m'manja mwawo, ndipo loya ayenera kuuzidwa kuyambira tsiku loyamba kuti kumudzi kuli kholo lodalira. Maloya a milandu yotere nthawi zambiri salipiritsa poyamba, amatenga gawo la zimene zapezeka, mwina limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirirapo. Panganolo lilembedwe.

Kusapezeka kwa thupi kumachedwetsa zinthu koma sikuziimitsa. Madera ambiri a ku America amadikira zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri munthu asanatengedwe kuti anamwalira, koma pakakhala umboni woti anali pa ngozi yodziwika, ngati kugwera pakati pa nyanja, khoti likhoza kugamula msanga. Chigamulo chimenechi ndicho chimatsegula inshulansi, penshoni ndi akaunti za kubanki. Samalani ndi mawu akuti "analumpha": mainshulansi ambiri a moyo salipira munthu akadzipha m'zaka ziwiri zoyambirira, choncho mawu otero asalowe m'mapepala popanda umboni. Ngati anali ndi nyumba kapena malo kuno, zimenezo zidzayendera lamulo lathu la chuma cha masiye la mu 2011, ndipo chigamulo cha ku America chidzakuthandizani ku High Court.

Abale athu amene amakwera sitima zotere kuchokera ku Britain kapena ku maiko a European Union adziwe kuti kumeneko zimayendera pangano la Athens: nthawi yosumira ndi zaka ziwiri, ndipo ngati sitimayo sinamire, kugunda, kupsa kapena kukhala ndi chilema, wosumayo ndi amene amaonetsa kulakwa kwa kampani. America silinalowe m'panganoli.

A kampani akhoza kuimbira alamu anu mwaulemu, kubweza ndalama za tikiti, kapena kulonjeza thandizo la maliro. Asasaine pepala lililonse, asalole kujambulidwa mawu, loya asanaone, chifukwa m'mapepala oterewa mumakhala ndime yoti banja lasiya ufulu wosuma. Achibale asalembenso pa Facebook zoganizira chimene chinachitika kapena za kamwedwe ka achimwene anu, popeza maloya a kampani amawerenga zimenezo. Inuyo muli kufupi ndi mayi anu, yambani mawa kusonkhanitsa umboni wa ndalama: mauthenga a m'foni yawo, malisiti a kumene ankakalandirira, sitetimenti ya Airtel Money, Mpamba kapena ya kubanki ya zaka zingapo zapitazi, malisiti a kuchipatala ndi a fizi zimene achimwene anu ankalipira, chitupa cha unzika cha mayi, ndi pepala lililonse loonetsa kuti ndi kholo lawo. Jambulani zonse, tumizani kwa loyayo, ndipo zenizenizo musunge nokha.