Ndamaliza seti ya makobidi akale koma mtima sukukondwa

FUNSO

Amalume, ndili ndi nkhani yomwe anzanga akungondiseka nayo. Bambo anga pomwalira anandisiira kachitini kakang'ono momwe munali ndalama zachitsulo zakale zija za mutu wa Kamuzu, za 1964. Munali sikisipensi yokhala ndi tambala, sheleni ya chimanga ndi ija ya masheleni awiri yokhala ndi njovu. Iwo ankakonda kunena kuti kwatsala zitatu zokha kuti seti ya ndalama zoyamba za Malawi ikwane, khobidi la 1967, crown (ya masheleni asanu) ya 1966 ndi half crown (ya masheleni awiri ndi theka). Ndiye ine ndinangoti ndiwamalizire. Zaka 6 ndakhala ndikusaka, kufunsa agogo kumudzi, kumsika, mmagulupu a pa Facebook, ena kundinamiza mitengo ena kundilonjeza kenako foni osayankha. Mwezi wathawu ndinapeza yomaliza, half crown, kwa mayi wina wachikulire amene anaimanga pakona ya mpango zaka zonsezi. Ndinafika kunyumba, kuiika pambali pa zinzake patebulo, zonse 6 ndondondo, ndipo mmalo mosangalala ndinangokhala pansi misozi nkuyamba kutsika. Pano chitinicho sindikuchitsegulanso. Akazi anga akuti ndingogulitsa. Kodi ndili bwinobwino ine? Ndipange chani?

Wosokonezeka, Zomba

YANKHO

Mphwanga, uli bwinobwino, ndipo anzako akusekawo asiye aseke sanasakepo chinthu zaka 6.

Ndawerenga kalata yako kawiri ndipo chomwe ndaona nchakuti nthawi yonse yomwe mpata uja unali wosatseka, iwe ndi bambo ako munali mukugwirabe ntchito limodzi. Ukakwera minibasi kukaona khobidi lomwe wamva kuti wina ali nalo, unali pa ntchito yomwe anakutuma iwowo, ukabwerako chimanjamanja mumtima umawauza kuti bambo sizinatheke lero tiyesanso. Tsiku lomwe half crown inalowa mchitini ntchito ija inatha ndipo munthu woti ukamuuze kuti ndamaliza palibe. Misozi imeneyo ndi ya maliro mphwanga, inangochedwa kubwera.

Komanso sindikudabwa kuti yomwe inakuvuta kwambiri ndi half crown. Pomwe kwacha imabwera mu 1971, sheleni inafanana ndi 10 tambala ndipo chimanga chija chinapitirira kuoneka pa 10 tambala, ya masheleni awiri inakhala 20 tambala njovu zake zomwezo. Koma half crown inali masheleni awiri ndi theka, kutanthauza 25 tambala, ndipo ndalama yachitsulo ya 25 tambala sinapangidwe. Inatsala yopanda mnzake mundalama zatsopano, ndiye amene ali nayo lero ndi anthu ngati mayi wa mpango uja amene anaisunga dala. Crown ya 1966 nayo ndi yachikumbutso cha 6 July pomwe dziko linakhala Republic, sinali yoti uzingoipeza pa chenji cha pa golosale. Wagwira ntchito yaikulu, usaipeputse.

Za kugulitsa ine ndikuti ayi, osati pano. Mlamu sakulakwa, akuona mwamuna wao akulira ndi tizitsulo ndiye akufuna tichoke mnyumba, koma munthu sagulitsa chinthu mtima uli wolemera, umadzanong'oneza bondo ndalama utadya kale. Ndiponso ndikuuze zoona, makobidi oti anayenda mmanja mwa anthu mpaka kufufutika sakhala ndi mtengo wochuluka ngati mmene anthu amakokomezera pa intaneti, ndiye ukhoza kutaya za bambo ako pa ndalama yosakwana ndi thumba la feteleza lomwe.

Ena akuuza kuti yamba seti ina msangamsanga, monga ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland kuli khobidi loboola pakati lija, kapena ma tambala a 1971. Nzabwino ndithu ndipo mwina udzayamba, koma dikira kaye, ukathamangira ukhala ukungothawa chomwe ukumvachi.

Chomwe ndikufuna upange sabata ino ndi ichi. Tsegula chitinicho. Chonde chonde usazikweche ndi phulusa, mchenga kapena mandimu kuti ziwale, kuda kumeneko ndi gawo la ukalamba wake ndipo odziwa makobidi sakonda okwechedwa. Uzigwira mmbali, iliyonse uikulunge pa kapepala kakekake, usunge pouma chifukwa chinyontho cha nthawi yadzinja chimaononga makamaka khobidi lija. Kenako gula kope ulembe pa ndalama iliyonse kuti unaipeza kuti, kwa ndani, unayenda bwanji, mpango uja unali wamtundu wanji. Zitatu zako zija nkhani zake ukuzidziwa. Zitatu za bambo ako ndi zomwe ndikukaika ngati ukudziwa komwe anazitenga, ndiye ngati mayi ako kapena azakhali ako alipo pita nacho chitinicho kumudzi, uwaike sheleni ija mdzanja, uwafunse kuti inkagula chani nthawi imeneyo ndipo bambo anayamba liti kusunga. Utenge ndi mlamu akamve nao.

Ukabwerako undilemberenso, ndikufuna kumva zomwe akakuuze za sheleniyo.

Amalume