Kuzindikira wailesi yokondera pa nkhani za mtsutso

Achimwene, mwafunsa momwe mungadziwire ngati wailesi kapena nyuzipepala yakondera polemba za mtsutso wa ofuna upulezidenti. Yambani ndi kuonera mtsutso wonse nokha. Tizidutswa ta masekondi 30 toyenda pa WhatsApp nthawi zambiri timadula funso n'kusiya yankho lokha, ndipo munthu amaoneka ngati wasokonezeka pomwe ankayankha zina.

Kenako tengani foni muyeze nthawi pa nkhani za madzulo. Chipani chilichonse chapatsidwa mphindi zingati? Komanso mvetserani amene amuika kulankhula ndi mawu ake, ndi amene mtolankhani wangomufotokozera. Apa ndiye pamabisala kukondera kwambiri: wina "wafotokoza mfundo zake", mnzake "wadzudzula" kapena "wakanika kuyankha". Onaninso akatswiri oitanidwa kudzathirira ndemanga. Ngati onse ali mbali imodzi, chigamulo chinapangidwa kale.

Amene sanabwere nawonso amafunika kuwalemba mwachilungamo. Mu 2014 Joyce Banda sanapite ku mitsutso, ndipo mu 2019 Peter Mutharika nayenso sanapite. Onse anali pampando panthawiyo. Chaka cha 2019 gulu loona zisankho la EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) linanena kuti MBC inkakondera chipani cholamula.

Mukafuna kudandaula, lembani tsiku, ola ndi dzina la pulogalamu, ndipo sungani zomwe mwajambula. Za mawailesi ndi kanema pitani ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi kanema. Za nyuzipepala, ku Media Council of Malawi. Dandaulo lopanda umboni silipita patali.