Musakwere naye basi mobisa mwanayo, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati banja linatha zaka 3 zapitazo, mwana wamkazi wa zaka 7 mukukhala naye ndinu ku Lilongwe, mwapeza ntchito ku Johannesburg, koma bambo ake akanitsitsa kuti mwana sachoka m'dziko muno. Ndaonanso ena pano akukulimbitsani mtima kuti mungonyamuka naye mwakachetechete, poti kwanu n'kwa chikamwini, ana ndi a kuchikazi. Amenewo asakupusitseni.

Zoti kwathu mwini mbumba ndi malume n'zoona, monganso kumpoto komwe amapereka malowolo amati ana ndi a kuchimuna. Koma nkhani ikafika kwa majisitireti, safunsa kuti mwanayu ndi wa mbumba iti. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati pa chigamulo chilichonse chokhudza mwana, choyang'ana kwambiri ndi ubwino wa mwanayo. Ndipo lamulo la ana la 2010, lija amati Child Care, Protection and Justice Act, limalola kholo lililonse kukapempha kukhoti la ana kuti lizisunga mwana kapena kuti lizimuona nthawi ndi nthawi. Khomo limenelo n'lotsegukira inu, n'lotsegukiranso bambowo.

Zokukomerani zilipo. Lamulo lomweli limauza khoti kuti liganizire kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, limvenso maganizo a mwanayo. Zaka zonsezi womusambitsa, womuperekeza kusukulu, wogona naye m'chipatala ndinu, ndipo zimenezo zimalemera. Koma tsiku lomwe mudzathawe naye, mwawasemera nokha bambowo ndodo yokukwapulirani. Adzangoti, onani, mayiyu ndi wobisa mwana.

Msuweni wanga anachita zomwe akukuuzanizi. Anadutsa naye mwana pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kumatiimbira mokondwa kuti tafika. Mwanayo analowa mu South Africa ngati mlendo wa masiku 30. Atafuna kumukonzera chiphaso chophunzirira, anamuuza kuti pafunika kalata yosonyeza kuti makolo onse awiri avomera, apo ayi pepala la khoti lonena kuti wosunga mwana ndi iye yekha. Analibe ngakhale chimodzi. Mapeto ake anaimbira foni mwamuna yemwe uja anamuzemba, mwamunayo n'kuti bweza kaye mwana ndiye tikambirane. Mwana anataya chaka cha sukulu, lero ali kwa agogo ake kumudzi, mayi ali kuja, bambo ali m'tauni. Palibe anapambana.

Ndiye yambani n'kufufuza chomwe bambowo akuopa. Ena amakana chifukwa cha nkhwidzi chabe, koma ambiri amaopa kuti mwana adzawaiwala, adzayamba kutchula munthu wina kuti bambo. Itanani ankhoswe a mbali zonse, mupite ndi mfundo zogwirika, osati zija zoti muzidzamuonabe. Sukulu za ku South Africa zimayamba chaka mu Januwale, tchuthi chachitali n'cha Disembala, pomwe kuno timayamba mu Seputembala. Nenani kuti mwana azibwera Disembala aliyense, kwa masabata akuti, tikiti azilipira wakuti, womuperekeza pa basi ya masiku awiri ija ndi wakuti. Sankhani masiku oti azilankhulana pa WhatsApp. Ndalama ya chisamaliro muitchulenso, chifukwa udindo wa bambo suthera pa chipata cha Mwanza.

Mukagwirizana, zisathere pakamwa. Mawu a pansi pa mtengo amauluka munthu akakwatira kwina. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, kenako kukhoti kuti mgwirizanowo ukhale chigamulo chodindidwa. Akakanabe, kapempheni khoti chilolezo chosamuka ndi mwana. Ngati ndalama ya loya mulibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Lilongwe momwemo.

Pali china chomwe simunatchule, ndipo mundikhululukire pofunsa. Mapepala anu inuyo ali bwanji? Ngati ntchitoyo ndi yongolonjezedwa pa foni ndipo mukalowa pa masiku 30 omwewo, majisitireti adzakufunsani kuti mwana azikagona kuti, azikaphunzira kuti, nanga inu mukakhala kuntchito azikatsala ndi ndani. Mayankho akasowa, ndi bwino mutsogole nokha, mukakonze malo. Koma apanso chenjerani: mukangomusiya kwa mayi anu osalemba kalikonse, bambo ake angathe kunena kuti mayi wachoka, kholo lomwe latsala ndi ine. Kusiya kwakanthawi kumeneko kulembedwenso, ndi mwezi womwe mudzamutenge.

Ngati chinathetsa banja ndi nkhanza, nkhani yasintha, musakakhale naye pansi nokha. Yambirani ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo makalata a chipatala akale aja musawataye.

Popita ku Social Welfare mutenge chiphaso chobadwira cha mwana, buku lake la kuchipatala, malipoti a kusukulu, kalata ya ntchito, ndi mauthenga onse a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza zomwe bambowo akhala akutumiza, ngakhale zitakhala zochepa.