Za tummy tuck, mumve kwa ine amene ndinadulidwa

Asisi, mwafunsa za tummy tuck, opaleshoni yophwetsa mimba pochotsa khungu lolendewera. Amene wakuuzani kuti pakatha sabata ziwiri mubwerera kuntchito akukunamizani. Bodza lomwelo ndi limene linandipweteka ine. Yanga ndinakapangitsa ku Johannesburg kudzera mwa mayi wina wodzitcha ejenti, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Amakudulatu munsimu kuchoka pafupa la chiuno mbali iyi kukafika mbali inayo, chipsera cha siza n'chachifupi. Amasoka minofu yomwe inatalikirana ndi uchembere, kukoka khungu, lotsala n'kudula, mchombo n'kuubowolera potulukira pena. Umatsitsimuka uli ndi timapaipi totulutsa magazi ndi madzi, kuwongoka osatheka, kuyenda chowerama.

Ndiye mayi uja, pofuna kupulumutsa ndalama ya malo ogona yomwe ndinali nditamupatsa kale, anandigulira tikiti yobwerera msanga. Timapaipi tangochotsedwa kumene, ine pandege mpaka Lilongwe, kenako basi. Amayi inu! Pofika ku Chikangawa ndinali nditaluma chitenje, basi ikangogunda dzenje ndimamva ngati ulusi ukuduka m'katimu. Kufika kunyumba ku Chibavi ku Mzuzu, mwezi wa June, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, chifuwa chinandigwira. Kutsokomola ndi mimba yosokedwa, sindifunira ngakhale mdani. Kenako pamimba panayamba kutupa, ndikatembenuka pabedi madzi n'kumakhuvuka ngati m'chigubu. Usiku wina ndikuchokera kuchimbudzi panja ndinangomva kunyowa m'miyendo. Kuunika ndi foni, bala latseguka pakati penipeni, madzi achikasu akutsika. Bambo a kunyumba manja kunjenjemera, ana adzuka akulira, galimoto palibe. Ndikuimbira mayi uja, foni osayankha. Kutacha ndinapeza wandibuloka pa WhatsApp, koma pa Facebook akuikabe zithunzi za anthu ena, ati bwerani mudzaphwetse mimba. Mfiti yeniyeni. Apongozi nawo pobwera kudzazonda anangoti, "Munazifuna nokha, mimba yabereka ana imavuta chiyani?"

Amene anandipulumutsa ndi achipatala a kuno konkuno. Madziwo, ati ndi seroma, ankachita kuwapopa ndi jakisoni mobwerezabwereza, bala n'kumalitsuka mpaka linatsekeka lokha. Adokotala anandikalipira kuti kukhala pansi ulendo wautali utangochitidwa opaleshoni yotere kumaundanitsa magazi m'mwendo, ndipo akathamangira kumapapo munthu amapita pomwepo.

Tsono inu musadzere kwa ejenti. Lankhulani ndi dokotala mwiniwake, akuuzeni yekha tsiku loyenera kukwera ndege, komanso mupeze wa kuno wodzakuonani mukabwera. Lamba wothina womanga pamimba mukachitidwa opaleshoni mumavala sabata 6 kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo musanyamule ndowa, musabereke mwana kumbuyo, kabaza muiwale. Dzanzi pansi pa mchombo limakhala miyezi, langa silinatheretu. Ngati mumasuta siyani kukadali kutali, ngati muli ndi shuga muuzeni dokotala, bala limavuta kupola. Si njira yochepetsera thupi, ndipo ngati mukufunabe mwana wina dikirani, pathupi padzatambasulanso zomwe anasokazo.

Mng'ono wanga atati apite ndinamuletsa. Koma inuyo ngati ndalama ilipo pitani asisi, msana unasiya kundiwawa ndipo madiresi anga akale ndikuvala. Mungopewa miyezi yozizira.