Chakudya chikumaima pachifuwa pambuyo pa opaleshoni ya chilungulira

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg andilembera imelo yofotokoza kuti miyezi 8 yapitayo anachitidwa opaleshoni ya Nissen pofuna kuthetsa chilungulira chimene chinawazunza kwa zaka zambiri. Chilunguliracho chinathadi, koma tsopano akameza mbamu ya nsima imaima pachifuwa mpaka atamwera madzi, mimba imafufuma madzulo alionse, ndipo kugeya kukukanika. Akufunsa ngati opaleshoniyo inalakwika, komanso ngati apemphe kuti ibwerezedwe.

Pepani kwambiri, mayi. N'zowawa kuti munthu ukhale pa mphasa ndi ana ako, iwo akudya momasuka, iwe ukuopa mbamu iliyonse. Komabe madandaulo anuwa si amtundu umodzi, ndipo ndikufuna kuwalekanitsa.

Opaleshoniyi anaiyamba ndi dokotala Rudolf Nissen mu 1955 ku Basel m'dziko la Switzerland, ndipo kuyambira mu 1991, pamene Bernard Dallemagne wa ku Belgium anaichita kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, madokotala ambiri sang'ambanso mimba yonse. Amatenga mbali yakumtunda ya chifu n'kuikulunga kuzungulira kumapeto kwa njira ya chakudya, kenako n'kusoka, ngati mmene timamangira kukamwa kwa thumba la ufa. Amachepetsanso bowo la mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, pamene njirayo imadutsa. Chomangacho chimaletsa asidi kukwera, koma chimaletsanso mpweya, ndipo ena amalephera ngakhale kusanza. Choncho kufufuma kwa mimba, kulephera kugeya ndi kutulutsa mpweya pafupipafupi sizitanthauza kuti dokotala analakwitsa. Kwa ambiri zimachepa pang'onopang'ono akamadya pang'ono koma kangapo pa tsiku, n'kusiya zakumwa za gasi ndi chingamu, popeza zimenezi zimawonjezera mpweya m'chifu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kumezaku. M'masabata oyamba pafupifupi aliyense amavutika kumeza chifukwa malo osokedwawo amakhala otupa, n'chifukwa chake odwala amauzidwa kuyamba ndi phala ndi zakudya zofewa. Kutupako kumayenera kutha pofika miyezi itatu kapena chapompo. Pa miyezi 8 si nkhani yodikiranso. Mwina chomangacho chinathina kwambiri, kapena bowo lija linasokedwa mopitirira muyezo. Mwinanso chinatsetsereka n'kumanga chifu pakati, kapena chinakwera m'chifuwa, zimene zimachitika makamaka munthu akachita nseru yamphamvu kapena akanyamula katundu wolemera asanapole. Palinso ena amene kuyambira pachiyambi anali ndi achalasia, matenda amene amalepheretsa njira ya chakudya kutseguka bwino, koma anaoneka ngati chilungulira. Ndiyeneranso kunena chinthu chimene sindikufuna kukuopsezani nacho: Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yofala kwambiri pa dziko lonse, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi chomwechi cha chakudya kuima pachifuwa. Kwa inu n'kutheka kwambiri kuti vuto ndi opaleshoniyo, koma aliyense wa kwathu amene akuvutika kumeza ayenera kuunikidwa ndi kamera.

Ndiye musapemphe opaleshoni yachiwiri ayi. Pemphani kuyezedwa. Pali kujambula kwa X-ray mukumwa madzi oyera a barium, kumene kumaonetsa pamene chomangacho chili. Pali endoscopy, ndiyo kamera ija, ndiponso manometry, kachubu kolowetsa m'mphuno koyeza mphamvu ya minofu yokankha chakudya. Ngati chilungulira chitabwerera, amayezanso asidi kwa maola 24, chifukwa si kuwotcha kulikonse pachifuwa kumene kumachokera ku asidi. Ndipo ngati mumakhuta msanga kapena kutsegula m'mimba kawirikawiri, muwauze madokotala, pakuti mtsempha wa vagus, umene umayendetsa chifu, umatha kukhudzidwa pa opaleshoniyi.

Akapeza kuti chomangacho chili m'malo mwake koma n'chothina, nthawi zambiri amayamba ndi kukulitsa njirayo ndi kabaluni kudzera pa endoscopy, ndipo ena amapeza bwino popanda mpeni. Koma ngati chinachoka m'malo, kabaluni sikangathandize. Apo dokotala amamasula zonse n'kumanganso, mwina mwa njira ya Toupet, imene imazungulira njira ya chakudya mbali yaikulu chabe (madigiri 270) m'malo mozungulira yonse (madigiri 360) ngati ya Nissen, ndipo imalola kugeya mosavuta. Kwa munthu wonenepa kwambiri, kapena amene wachitidwa kale kawiri, ena amasankha Roux-en-Y gastric bypass, opaleshoni yopanga kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo. Dziwani kuti opaleshoni yobwereza ndi yovuta kuposa yoyamba. Zipsera za m'kati zimamatiriza chifu ku chiwindi, chiopsezo choboola njira ya chakudya chimakula, ndipo zotsatira zake kawirikawiri sizifika pa za opaleshoni yoyamba yoyenda bwino. Musachite manyazi kufunsa dokotala wanu kuti maopaleshoni obwereza oterewa wachitapo angati, ndipo ngati ndi ochepa, pemphani kalata yokutumizani kwa katswiri amene amawachita nthawi ndi nthawi.

Pamene mukudikira, chepetsani kukula kwa mbamu, tafunani bwino nyama ndi buledi, ndipo muzidziyeza pa sikelo sabata iliyonse kuti mukauze dokotala ngati mukutsika. Koma mukalephera kumeza ngakhale malovu, mukamva kupweteka koopsa pachifuwa kapena pamimba pamodzi ndi nseru yosatulutsa kanthu, kapena mukaona chimbudzi chakuda bii, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.