Funsani Malume: Kodi boma lakhululukadi loni ya ophunzira?

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 29. Kwathu ndi ku Makhanga koma pano ndikukhala ku Bangula. Ndinaphunzira zaulimi ku Bunda ndipo ndinamaliza mu 2019. Zaka zinayi zonse fizi ndi ndalama yodyera zinkachokera ku loni ya boma, moti ndikaphatikiza zikuyandikira K2 miliyoni. Ntchito ya zomwe ndinaphunzira sindinaipeze. Ndagulitsapo nsomba zouma, ndapalasapo kabaza, pano ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayiveti komwe amandipatsa K140,000 pamwezi, ikabwera. Namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ya mayi anga, ndiye ndikuwasamala ndine pamodzi ndi azing'ono anga awiri.

Mwezi watha mnzanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp woti boma lakhululuka ngongole zonse za ophunzira. Sabata yomweyo bambo wina pa depoti anandiuza kuti ali ndi mbale wake wogwira ntchito "m'kati", ndipo ndikampatsa K60,000 dzina langa lifufutidwa mu kompyuta. Kodi zakukhululukazi n'zoona? Nanga ndikapanda kulipira andimanga? Mayi anandisainira fomu ija, ndiye usiku sagona poopa kuti adzawalanda mbuzi zinayi zomwe zinapulumuka madzi.

Wothedwa nzeru, Bangula

Mphwanga,

Yamba wabweza K60,000 ija m'thumba. Ngati wampatsa kale ina, ingoiwerengera ngati ndalama yomwe inagwera mu Shire uli m'bwato. Bambo wa pa depotiyo ndimamudziwa, ngakhale sindinamuonepo. Ndi yemwe uja amakhala ndi mbale ku ofesi ya mapasipoti, ali ndi mlamu woona za ntchito za usilikali, ndipo nthawi ya makuponi amakhala ndi msuweni wolemba mayina. Ngongole yako sili papepala limodzi loti munthu n'kuling'amba. Koleji ili ndi kaundula wa amene fizi yawo inalipiridwa ndi loni, banki ili ndi umboni wa ndalama zomwe zinkalowa mu akaunti yako, ndipo pali fomu yomwe unasaina ndi dzanja lako. Mbale wa "m'katiyo" ayenda m'malo onsewa chifukwa cha K60,000?

Tsono za uthenga wa pa WhatsApp uja. Nkhani yake ili ndi kumene inachokera, kungoti si kuno. Mu Ogasiti 2022 pulezidenti wa ku America wa nthawi imeneyo, Joe Biden, analengeza kuti boma lake lichotsa madola 10,000 pa ngongole ya wophunzira aliyense amene malipiro ake sanapitirire mlingo wina, ndi madola 20,000 kwa ochokera m'mabanja osauka. Anthu anavina. Koma mu Juni 2023 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti pulezidenti analibe mphamvu yochitira zimenezo popanda nyumba ya malamulo, ndipo nkhani inathera pomwepo. A ku America ali ndi lamulo lina lakale, la mu 2007, loti munthu wogwira ntchito zotumikira anthu, monga mphunzitsi wa sukulu ya boma kapena namwino, akalipira miyezi 120 zotsalazo zimakhululukidwa. Taona, ngakhale kumeneko amayamba walipira zaka 10. Ndiye munthu wina amatenga mutu wa nkhani ngati imeneyi, n'kuchotsapo dzina la dziko, n'kuuponya m'gulu la anzake a ku koleji. Ukamafika ku Bangula umakhala utavala kale mbendera ya Malawi.

Kuno kwathu ngongoleyi ili m'manja mwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, omwe tonse timangowatchula kuti a Loans Board. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 2015, ndipo maofesi ake ali ku Lilongwe. Silinapatsidwe ntchito yongobwereketsa ayi. Linapatsidwanso yotolera, kuphatikizapo ngongole zakale za anthu amene anaphunzira m'ma 1980, bungwelo lisanabadwe n'komwe. Ukaona boma likulondola munthu amene anamaliza sukulu iwe usanabadwe, dziwa kuti ya mu 2019 sanaiiwale. Akuluakulu anati mlandu suwola, ngongole ndi mng'ono wake.

Ndikuyankhula zomwe zinandionekera. Ndinapita ku Chancellor College kuchokera ku Ngabu m'ma 1990, ndi kasutikesi kachitsulo komwe bambo anagula atagulitsa thonje. Basi inkakwera chitunda cha Thabwa ikulira ngati ng'ombe yothawa dibi, ine n'kumangosuzumira pazenera kuona chigwa chikuchepa kumbuyo. Fomu ya loni ndinasainira pamsana pa mnzanga tili pamzere, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Tonse tinkati ndi ndalama za boma, ndipo za boma sizikhala ndi mwini. Papita zaka zoposa 20, mutu utayamba imvi, mayi wa ku ofesi yolipira anandiitana n'kunditembenuzira pepala kuti ndione. Dzina langa linali pamenepo, ndi chaka chomwe ndinalowera koleji. Manyazi anandigwira chifukwa mayiyo ndinamuphunzitsapo ndekha ali Fomu 2.

Lamulo limapatsa munthu zaka ziwiri akamaliza maphunziro kuti apume, kenako ngongole imakhala yakhwima. Zako ziwirizo zinatha mu 2021. Kuyambira pamenepo, wolemba ntchito aliyense amene wakulemba ali ndi udindo wodziwitsa a Loans Board, kudula pa malipiro ako ndi kutumiza ndalamazo. Izi zikukhudza boma, makampani akuluakulu ngati a shuga ku Nchalo, komanso kasukulu ka pulayiveti ngati komwe ukuphunzitsako, ngakhale eni ake ambiri amachita ngati sanamvepo. Ndiye tsiku lomwe udzapeze ntchito ya ulangizi yomwe ukuilakalakayo, ngongole idzakhala itafika kale pakhomo kukudikira.

Zakumangidwa usade nazo nkhawa. Apolisi sabwera ndi unyolo chifukwa choti munthu walephera kubweza ngongole. Imeneyi ndi nkhani ya pakati pa wobwereketsa ndi wobwereka, ndipo ikafika povuta imapita kukhoti, komwe umayamba walandira samani n'kukadziyankhira. Palibe amene angangotulukira pakhola la mayi m'mamawa n'kuyamba kumasula mbuzi. Wobwera choncho wopanda chikalata cha khoti ndi wakuba, mukamutengere kwa amfumu kapena kupolisi. Chomwe ndikupemphe n'chakuti ufunse kope la fomu ija uone kuti mayi anasaina ngati ndani, ngati kholo longochitira umboni kapena ngati wolonjeza kudzakubwezera iwe ukalephera. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo ndi bwino ukudziwe iwe asanakuuze wina. Koma mayi uwauze lero lomwe kuti agone. Munthu amene anaona madzi akulowa pakhomo usiku mu Malichi 2023 safunika kumuwonjezera china chomudzidzimutsa.

Chomwe chimaluma kwenikweni sichichita phokoso. Bungwe la Loans Board lakhala likusindikiza m'nyuzipepala mayina a anthu osabweza, ndipo dzina likhoza kutumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, komwe mabanki amayamba ayang'ana asanabwereketse munthu ndalama. Lero sukuziona ngati kanthu. Koma iwe unaphunzira zaulimi, ndipo ngalande ya mthirira ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsikira m'chigwa chino. Tsiku lina udzafuna kabanki kakubwereke ya pampu ya sola kapena ya mbewu, kalaliki n'kungoyang'ana pa kompyuta, n'kukuuza mwaulemu kuti "pepani achimwene, sizitheka". Sadzakuuza n'chifukwa chake mokweza.

Ndiye ukanakhala pano pakhonde ndikanakuuza kuti uwapeze a Loans Board iwo asanakupeze. Lemba kalata, kapena tumiza imelo, utchule dzina lako lonse monga linalili ku koleji, nambala yako ya ku koleji, nambala ya chiphaso cha unzika ndi zaka zomwe unaphunzira. Upemphe kuti akulembere ndalama yonse yomwe akukuwerengera, chaka ndi chaka, ndi chilichonse chomwe chawonjezekapo. Usakhutire ndi nambala yongokuuza pafoni. Ikabwera uifananize ndi zomwe ukukumbukira, chifukwa zimachitika kuti munthu amulembera chaka chomwe sanalandire kalikonse, kapena kumusokoneza ndi mnzake wofanana naye dzina. Kuno kumunsi mayina athu amabwerezabwereza, m'kalasi imodzi mumapezeka anyamata atatu a dzina limodzi.

M'kalata yomweyo unene zoona za momwe ulili. Malipiro ndi awa, amabwera mwa apo ndi apo, ndikusamala anthu atatu, nyumba inagwa ndi madzi. Ngati uli ndi kalata ya amfumu kapena ya ku ofesi ya DC ku Nsanje yosonyeza kuti banja lanu linakhudzidwa, iphatikize. Sindikukulonjeza kuti akuchotsera ngakhale tambala. Koma munthu amene wabwera yekha n'kunena kuti "ndikwanitsa K10,000 pamwezi" amakambirana naye mosiyana ndi amene amugwira atabisala. Utchule ndalama yomwe ungaikwanitse ngakhale mu Febuluwale, chimanga chitakwera mtengo, osati yomwe ungakwanitse mwezi wokolola wokha. Ndikudziwa kuti K140,000 ya lero si ya kale, kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba la ufa likudya gawo lalikulu la malipiro. Ndawerengera ndekha: K10,000 pamwezi pa K2 miliyoni ndi miyezi 200, zaka zoposa 16. Zikuoneka zoseketsa. Koma sudzakhala pa K140,000 moyo wako wonse, ndipo chomwe ukugula ndi K10,000 imeneyo panopa ndi dzina loyera pomwe ukudikira ntchito yabwino.

Polipira, nambala ya akaunti uitenge kwa a Loans Board eni ake, osati kwa munthu wokuimbira foni n'kumati ndi wa kumeneko. Akuba a pafoni nawonso amawerenga nyuzipepala, mayina a okongola amawaona. Aliyense wokuuza kuti utumize ku nambala ya munthu, mudulire foni.

Ndipo sunga malisiti. Apa ndiye ndikakamira. Ine anga ali mu jumbo ya shuga, jumboyo ili m'chitini cha mabisiketi, chitinicho ndinachimangirira ku mtanda wa denga ndi waya. Ndinaphunzira mu Januwale 2015, madzi atalowa m'nyumba ya mlongo wanga mpaka m'chiuno. Tinapeza satifiketi yake ya MSCE itamatirira pansi pa sutikesi ngati chigumu chosapsa, inki itayenderera. Lisiti lililonse ulijambule ndi foni n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa foninso imagwera m'madzi. Ukadzamaliza kulipira usachoke opanda kalata yonena kuti wamaliza.

Pali china chomwe chimandipweteka, ndipo sindikubisira. Anthu ambiri amene akukhala chete ndi ngongoleyi si aphunzitsi a ku Bangula. Ndi anzanga a m'badwo wanga, ena ali ndi magalimoto awiriawiri, ena amakhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo zomwe anakongola nthawi imeneyo akhoza kubweza ndi ndalama ya mafuta a sabata imodzi. Ndalamayi inapangidwa kuti izizungulira, wina akabweza ipite kwa wina. Chaka chilichonse opempha amachuluka kuposa ndalama yomwe ilipo, ndipo pali ana a ku Tengani ndi kwa Mlolo amene amasankhidwa kupita ku MUST kapena ku MUBAS n'kubwerera kumudzi semesita yoyamba isanathe chifukwa cha fizi. Ndikanakhala ine wolamula, ndikanayamba ndi amagalimoto awiriwo, ndipo kwa amene nyumba zawo zinakokoloka ndikanawapatsa chaka china chopumira. Koma ine ndimangolemba m'magazini. Mng'ono wako mmodzi ali Fomu chani? Posachedwapa fomu yomweyo akhala akudzaza ndi iye.

Mayi uwapatse moni. Uwauze kuti mbuzizo azisunge, zibereke.

Malume,

Ndine namwino pa kiliniki ina ya pulayiveti ku Nchalo. Kwa miyezi 14 abwana akhala akundidula K25,000 mwezi uliwonse ati ya loni. Nditafunsa ku Loans Board anandiuza kuti sanalandirepo kalikonse m'dzina langa. Nditani, poti ndikuopa kuchotsedwa ntchito ndikafunsa?

Mayi wa ana awiri, Nchalo

Mayi,

Imeneyo ndi K350,000, si ndalama yoti muisiye chifukwa cha mantha. Musanayankhule ndi aliyense, sonkhanitsani mapeyisilipi onse 14 osonyeza kuti anakudulani, muwachititse fotokope, enieniwo muwasunge kunyumba osati mu kabati ya kuntchito. Ngati sakupatsani peyisilipi, sitetimenti ya kubanki ndi kalata yomwe anakulemberani ntchito zionetsa kusiyana kwa zomwe munagwirizana ndi zomwe mukulandira.

Kenako pitani kwa owerengera ndalama mwaulemu, osati molalata. Munene kuti a Loans Board akufuna umboni wa malipiro, ndiye mukupempha makope a malisiti omwe anatumizira. Nthawi zina ndalama imakhala inapita koma popanda mndandanda wa mayina, ndipo zimakonzeka ndi kalata imodzi. Akayamba kuzengereza, tumizani makope aja ku Loans Board ndi kalata yofotokoza, chifukwa wodula ndalama ya wantchito n'kusaitumiza ndi amene waphwanya lamulo, ndipo bungwelo lili ndi mphamvu yomufunsa iye mwini. Akakuopsezani za ntchito, ofesi ya zantchito ili pa boma ku Chikwawa. Mupite ndi makope omwewo, ndipo mulembe tsiku ndi mawu omwe anakuuzani musanaiwale.