Nthabwala m'ndakatulo ya pamaliro a agogo

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Mwafunsa ngati n'koyenera kuikamo mawu oseketsa m'ndakatulo yomwe mukalakatule pamaliro a agogo anu aamuna ku Domwe ku Mozambique, poti iwo anali munthu wanthabwala. N'koyenera ndithu, ndipo mwambo umalola inuyo kuposa ana awo, chifukwa mdzukulu ndi agogo amaseleulana mpaka kuitanana kuti "amuna anga", "akazi anga". Akanakhala maliro a mwana kapena a ngozi, ndikanati musayerekeze.

Koma nthabwalayo ikhale ya malemuwo, osati yopeka inu. Funsani anthu atatu kapena anayi, makamaka azakhali ndi anzawo akale, kuti akuuzeni mawu omwe agogo ankakonda kunena, kaya podzudzula ana aulesi kumunda, kaya potsutsana mtengo wa mbatatesi pamsika wa Ulongwe. Mawu amene anthu awiri awatchule osapangana, amenewo ndi omwe khamu lidzawazindikire. Anthu akaseka pamenepo amakhala ngati amvanso liwu la mwini wake, ndipo misozi imabwera yokha. Mawuwo muwaike chapakati. Mukayamba nawo, akuluakulu amaona ngati mwano poti simunawalire malemu. Mukathera nawo, mumasiyira abusa kapena ansembe khamu loseka.

Mizere 20 mpaka 24 yakwana, ndime zinayi, mphindi zosapitirira zitatu. Mzere uliwonse uthe ndi mpweya umodzi, chifukwa kukhosi kukamangika mzere wautali umadukira pakati. Ndime yoyamba muwaitane ndi mfunda wawo, a Phiri, a Banda kapena a Mbewe, ndipo mzere umenewo uzibwerera kumayambiriro kwa ndime iliyonse. Mukasokonezeka mumagwira pomwepo. Mawu otha ntchito ngati "imfa ndiwe wankhanza" asiyeni. Tchulani khasu lawo, njinga yawo, mpando womwe ankakhalira pakhonde.

Chimene chimaononga kwambiri ndi mawu okuluwika. Mzere wonga "amene mwachita izi Mulungu akuoneni" umamveka kuti mukuloza wina ufiti, ndipo mlandu wake umakafika kwa amfumu maliro atatha. Ngongole, mitala, minda ndi matenda omwe awatenga, zonsezi musazikhudze ngakhale mophiphiritsa. N'chifukwa chake mwini mbumba ayambe waimva ndakatuloyo kumbali usiku wa pasiwa, ndipo iyeyo ndiye akauze woyendetsa mwambo kuti akupatseni mpata ikangotha mbiri ya malemu, ulaliki usanayambe.

Lembani papepala ndi zilembo zikuluzikulu, osadalira foni. Padzuwa siioneka bwino. Pepala lachiwiri mupatse m'bale woti aime pambali panu n'kupitiriza mukalephera. Muyeserere naye mokweza, chifukwa ambiri kuno tinaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, momwe "ch" amamveka ngati "sh", pomwe mabuku a Chinyanja a ku Mozambique amalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch". Lembani m'njira yomwe iyeyo anazolowera.

Zambiri zomwe zili mumtima mwanu sizikwana tsiku limenelo, ndipo musazikakamize. Mlakatuli wa ku Mozambique José Craveirinha anataya mkazi wake Maria mu 1979, koma buku la ndakatulo zomulira linatuluka mu 1988. Zotsalazo zilembeni m'kope pang'onopang'ono, mudzalakatule yaitaliyo pa chiliza, pomwe nthawi imakhalapo ndipo anthu amatha kuseka momasuka.